Nthambi Yosadziwika Tsinde Lace

Kuno kwathu ku Silverest, m'boma la Chongwe, munthu wogwira nchito ya ukalaliki saweruka konse. Akatsika basi madzulo pa mseu waukulu wa Great East, apeza wina alikumdikira pa khomo ndi pepala m'manja: uyu afuna kuti amwerengere kalata yocokera ku banki, uyo afuna kuti amlembere pangano la nyumba ya lendi. Malo ano, amene kale anali minda, tsopano adzala ndi nyumba zatsopano, ndipo pamene pali kumanga ndi kugulana mapepala a Cingerezi amacuruka ngati inswa za mvula yoyamba. Ine ndine mmodzi wa akalaliki otere, ndipo nkhani imene ndifuna kukamba ndi inu, anzanga amene mwatsiriza sukulu, inandipeza m'njira yomweyi.

Tsiku lina Loweruka kunafika mai wina wamasiye, wacikulire ndithu, wocokera ku mudzi wina wa kum'mawa kwa kuno. Titalonjerana anamasula nsonga ya citenje cace natulutsa pepala lopindapinda. "Mwananga," anatero, "tandiwerengerani ici, mundiuze ngati ndine ndazungulira mutu kapena ndi munthu uja wandibera." Pepalalo linali pangano la pakati pa iye ndi munthu wina woocha njerwa, amene anafuna nkhuni za uvuni wace. Pansi pace panali cala ca maiyo codindidwa ndi inki. Mau eni eni a panganolo anali awa: "The buyer shall cut the trees in the field which the seller planted."

Maiyo anali ndi minda iwiri, wina wa tsala, wina umene anabzalamo cimanga caka cimeneco. M'malire mwa munda wa cimangawo munali mitengo ya bulugamu imene anabzala yekha amuna ace atamwalira. Pakati pa mundawo panali mitengo ikuluikulu ya mango imene anasiya apongozi ace, ndipo zipatso zace ndizo ankagulitsa pa mseu kuti apeze makope ndi sopo wa adzukulu. Iye anagulitsa bulugamu yekha. Koma wogulayo anafika ndi anyamata ace nagwetsa zonse, ndi mango omwe. Maiyo atalira, munthu uja anangomsonyeza pepala nati, "Amai, munandigulitsa mitengo ya m'munda umene munabzalamo. Si uwu kodi?"

Ndinawerenga ciganizoco katatu, ndirikufuna polowera kuti ndimthandize, koma sindinapapeze. Potsiriza ndinati, "Amai, simunazungulire mutu ai. Pepalali linena zimene inu munafuna, komanso linena zimene iye wacita. Liri ndi pakamwa pawiri." Anandiyang'ana nthawi yaitali nafunsa, "Nanga amene analemba uja, sanapite ku sukulu?" Funso limeneli ndilo landikhalitsa pansi kuti ndilembe, pakuti wolembayo anapitadi ku sukulu, ndipo m'ciganizo cace mulibe liu ngakhale limodzi limene mphunzitsi akanalicita mtanda ndi inki yofiira. Cingerezi cace ncolungama, koma cinadyetsa mai wamasiye mitengo yace. Kalembedwe kotere ndiko ndifuna kukaweruza pano.

Ophunzitsa malamulo a cinenero amati ciganizo cimakhala ndi tsinde ndi nthambi. Mau akuti "which the seller planted" ndiwo nthambi. Sangaime paokha, nchito yao ndi kufotokoza dzina lina limene latsogola. Tsono pano maina otsogola ndi awiri, "trees" ndi "field", ndipo kaliu kakuti "which" kalibe cizindikiro ciri conse cosonyeza pamene nthambiyo yamera. Ukaimeretsa pa "trees", wogula adule mitengo yokhayo imene maiyo anabzala. Ukaimeretsa pa "field", adule mtengo uli wonse woima m'munda wobzalidwawo. Ndipo popeza m'Cingerezi munthu akhoza kucita "plant" mtengo, akhozanso kucita "plant" munda, mneni nayenso sathandiza kanthu.

Tsopano yesani kunena mau omwewa m'Cinyanja. Lilime likukanizani kupitirira musanasankhe. Mudzati "mitengo ya m'munda imene wogulitsa anabzala," kapena mudzati "mitengo ya m'munda umene wogulitsa anabzalamo." Kalemba kamodzi kokha, "i" kapena "u", kathetsa mlandu wonse. Cifukwa cace ncakuti m'cinenero cathu nthambi imayenda ndi ciwongo ca kwao. Timati munthu amene, mtengo umene, mitengo imene, khasu limene, cingwe cimene, zingwe zimene, kamwana kamene, tiana timene. Monga umva kuti uyu ndi Phiri, uyo ndi Banda, nudziwa kumene acokera, momwemonso ukamva "limene" udziwa kuti mwini wace ndi khasu, si cingwe ai. Cingerezi ca kale, ca zaka 1,000 zapitazo, cinali nazo zizindikiro zonga izi, koma cinazitaya pang'onopang'ono. Cimene cinatsala ndi "who" wa anthu ndi "which" wa zinthu, ndipo "that" alowa ponse ponse. Maina awiri akakhala onse a zinthu, kapena onse a anthu, nthambi ya Cingerezi iribe cina coigwira koma malo amene yakhala.

Pa sukulu ya mishoni imene ndinaphunzirako anatiphunzitsa kuti nthambi itsata dzina limene liri pafupi nayo. Ndi lamulo limeneli woocha njerwa uja apambana, pakuti "field" ndilo liri pafupi. Koma taonani ciganizo ici: "the trees in the field which the wind blew down." Kodi alipo amene angaganize kuti mphepo inagwetsa munda? Iai, tonse tilumpha dzina lapafupi ndi kukagwira "trees". Cotero lamulo lija liri ngati cizolowezi cabe, cimene nzeru imacitaya ikaona kuti sicikwana. Mu 1988 akatswiri awiri, Fernando Cuetos ndi Don Mitchell, anayesa owerenga a Cingerezi ndi a Cisipanishi ndi ziganizo za maina awiri zonga cathuci. Anapeza kuti a Cingerezi ambiri amapendekera ku dzina lapafupi, pamene a Cisipanishi ambiri amalumphira ku dzina loyamba. Ngati mitundu ya anthu isiyana cotere pa kamvedwe, palibe munthu angaike cuma cace pa cizolowezi cimeneci nagona tulo. Matanthauzo onse awiri akakhala omveka, cimene cimasankha ndi mimba ya wowerenga: yense amva cimene cimkomera.

Iyi ndiyo nthenda yoyamba, kusadziwika kwa tsinde. Yaciwiri ndi mbale wace: nthambi ikakhala pa mndandanda wa zinthu, mthunzi wace ufika pati? Musayese kuti eni ace a Cingerezi sadwala nthendayi. Ku America, m'cigawo ca Maine, lamulo linati wanchito akapitirira maola ace alipidwe ndalama zoonjezera, koma linapatula nchito zina zokhudza zakudya zoonongeka msanga. Mndandanda wa nchito zopatulidwazo unatsiriza ndi mau akuti "packing for shipment or distribution". Madalaivala a kampani ya mkaka yochedwa Oakhurst Dairy anali kugawa mkaka, sanali kulongedza. Kampani inati mauwo achula nchito ziwiri, kulongedza ndi kugawa, motero madalaivala alibe cao. Madalaivala anati nchito yochulidwa ndi imodzi, ndiyo kulongedza katundu woti atumizidwe kapena woti agawidwe, ndipo wogawa sali m'gulumo. Mu 2017 bwalo la apilo linaweruza kuti mauwo amveka pawiri, ndi kuti lamulo loteteza anchito likamveka pawiri liwerengedwe mokomera anchitowo. Mu 2018 kampaniyo inabvomera kulipira madola 5 miliyoni.

Apo panataika ndalama, koma kwina kunataika moyo. Roger Casement, munthu wa ku Ireland, anagwirapo nchito ya kazembe wa Britain ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo, ndipo mu 1904 analemba lipoti loulula nkhanza zimene anthu a ku Congo anali kucitidwa pa nchito ya mpira. Nkhondo yaikulu yoyamba itabuka anapita ku Germany kukafuna thandizo loti dziko la kwao limasuke ku ulamuliro wa Britain. Mu 1916 anagwidwa nazengedwa mlandu woukira mfumu potsata lamulo la caka ca 1351, lolembedwa m'Cifalansa ca kale, nthawi imene zizindikiro zopumira sizinali kulembedwa monga ticitira lero. Lamulolo linachula munthu wophatikana ndi adani a mfumu m'dziko lace, wowapatsa thandizo m'dzikomo, ndipo linatsiriza ndi mau amene m'Cingerezi amati "or elsewhere", ndiko kuti kapena kwina. Loya wace anati mau otsirizawa safika ku kuphatikana kuja, cotero wolakwa ayenera kukhala m'dziko la mfumu pocita mlanduwo, pamene Casement anali ku Germany. Oweruza, potsamira pa mamasulidwe a akulu akale a malamulo, anati mauwo afika. Anapacikidwa pa 3 August 1916 m'ndende ya Pentonville ku London, ndipo kufikira lero anthu amati anafera kacizindikiro kopumira.

Nthenda yacitatu ndiyo yobisika koposa. Nthambi ikhoza kugwira nchito ziwiri: ikhoza kusankha, kapena ikhoza kungofotokoza. Mukalemba kuti "The clerks who came late were dismissed," mwanena kuti anacotsedwa nchito ndi ocedwa okha, ena anatsala. Mukaika mpatuliro, kacizindikiro kaja Angerezi amati comma, nimulemba kuti "The clerks, who came late, were dismissed," mwacotsa akalaliki onse, ndipo kucedwako mwangokuchula popita. Nchito za anthu zapacikika pa timadontho tiwiri timene wotaipa akhoza kutiiwala, timenenso sitimveka bwino kalata ikawerengedwa pa lamya. Ife pa Cinyanja sitidalira dontho. Timati "akalaliki okhawo amene anacedwa," kapena "akalaliki onse, popeza anacedwa." Liu lakuti "okha" ndi lakuti "onse" amveka ngakhale mumdima.

Nthenda imeneyi inagwedeza dziko la anansi athu a ku Malawi. Malamulo ao oyendetsera dziko, amene anapangidwa mu 1994, ananena pa gawo 83 kuti pulezidenti akhoza kulamulira "a maximum of two consecutive terms", ndiko kuti nyengo zosapitirira ziwiri zotsatizana. Bakili Muluzi analamulira kuyambira 1994 kufikira 2004, nyengo ziwiri zokwana, napumula. Pofika masankho a 2009 anafuna kuimanso. Apa liu limodzi lofotokoza, "consecutive", linasanduka mlandu wa dziko lonse. Omtsata anati liulo lisankha: coletsedwa ndi nyengo yacitatu yotsatizana ndi ziwiri zija, ndipo munthu amene wapumula pakati ayamba kuwerenga kwatsopano. Otsutsa anati liulo lingofotokoza: nyengo ndi ziwiri basi, ndipo zimakhala zotsatizana. Bungwe loyendetsa masankho linamkana mu March 2009, iye napita ku bwalo. Pa 16 May 2009, patangotsala masiku 3 kuti anthu aponye voti, oweruza anagamula kuti sangaime. Sanadalire liu lokhalo, koma anayang'ana cimene lamulolo linaikidwira, m'dziko limene linali litangoturuka mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, amene mu 1971 analengezedwa kukhala pulezidenti wa moyo wace wonse. Ciweruzo cinamveka, koma taganizani: olembawo akanaonjezera timau tocepa takuti nyengozo zikhale zotsatizana kapena zosatsatizana, dziko silikanafika pa khomo la masankho lisanadziwe amene aima.

Nafenso kuno ku Zambia tisaseke anzathu. Malamulo athu, monga anakonzedwera mu 2016, anati Bwalo la Malamulo a Dziko limve dandaulo la masankho a pulezidenti "within fourteen days", m'kati mwa masiku 14 kucokera tsiku loperekera dandaulolo. Atatha masankho a pa 11 August 2016, Hakainde Hichilema ndi Geoffrey Bwalya Mwamba anapereka dandaulo pa 19 August lotsutsa kusankhidwa kwa Edgar Lungu. Pomwepo mafunso anabuka. Kodi masiku 14 amanga kuyamba kwa kumva mlandu, kapena amanga kutha kwace? Kodi Loweruka ndi Sondo awerengedwa? Pa 5 September oweruza 3 mwa 5 anati nthawi inatha, ndipo dandaulolo linagwa umboni usanamvedwe. Sindinena pano amene anali wolungama pa za masankhowo. Nkhani yanga ndi ya kalembedwe. Cimene ndinena ncakuti timau titatu tofotokoza nthawi, tosanena pamene mphamvu yace ilekeza, tinagawa oweruza ophunzira kwambiri, ndipo anthu wamba ambiri anatsala osakhutira.

Wina angati, "Tsono tileke Cingerezi, tizilemba zonse m'Cinyanja, popeza cathu sicinama." Apa ndiyenera kunena zoona, ngakhale ndicikonda cinenero cathu. Cinyanja naconso cimasokera pamene maina awiri ali a ciwongo cimodzi. Munthu akalemba pa kalata ya cuma camasiye kuti "puloti yanga ndisiyira mwana wa mbale wanga amene akhala ku Chipata," wayambitsa ndeu, pakuti "amene" akwana mwana, akwananso mbale. Ngati mbale mmodzi akhala ku Chipata, ndipo mwana wa mbale wina ndiye aphunzitsa sukulu ku Chipata komweko, maliro adzatha ndi mkangano. "Zitseko za zipinda zimene zinaonongeka" ndi cimodzimodzi. Cotero cinenero cathu sicipambana cinzace m'zonse. Cipambana pa cinthu cimodzi ici, cakuti magulu ace a maina ndi ambiri, ndipo kawirikawiri maina awiri oyandikana amagwa m'magulu osiyana, wonena nakakamizidwa kusankha. Ndiponso Cingerezi ndico cinenero ca Boma m'dziko lathu lino. Makalata a malo, a banki ndi a nchito adzafikabe m'cinenero cimeneco, tifune tisafune. Kucithawa sikutheka. Cotheka ndi kucigwira mocenjera, podziwa kuti nkhwangwa yobwereka sikhala kuguluka.

Nanga mlandu wa mitengo ija ugwera yani? Ine ndiuika pa wolemba, ndipo poutero ndidziweruza ndekha, pakuti inenso ndalembapo ziganizo zotere mu ofesi. Amene analemba panganolo anali mnyamata wotsiriza Grade 12, amene wogula uja anabwera naye. Wogula ndi wogulitsa onse anali kulankhula Cinyanja, ndipo pansi pa mtengo anamvana bwino lomwe. Koma ife tiri ndi cikhulupiriro cakuti pepala likakhala la Cingerezi liri ndi mphamvu yoposa, ndi kuti ciganizo cikatalika, cikadzala ndi "which" ndi "whereof" ndi "the said", wolembayo aoneka wophunzira. Mnyamata uja anafuna kuti mau ace amveke ngati a loya. Anasamala kamvekedwe, naiwala kufunsa ngati mauwo anena cinthu cimodzi. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo cimene cindiwawa koposa ncakuti ciganizo ca pakamwa pawiri sicilanga anthu mofanana. Mwini ndalama apeza loya womsankhira tanthauzo lomkomera. Wosauka, amene anangodinda cala, atsala ndi tanthauzo limene latsala. Wolemba mosasamala amakhala wathandiza wamphamvu ngakhale sanafune kutero.

Eni ace a Cingerezi anaiona nthendayi m'maofesi ao omwe. Mu 1948 Boma la Britain linasindikiza kabuku ka Sir Ernest Gowers kochedwa Plain Words, kamene analemba atapemphedwa ndi a Treasury, kuti akalaliki a Boma aleke kulemba zozungulira. Ngati Mngerezi wobadwira m'cinenero cace anafunika kukumbutsidwa zimenezi, ife amene tinaciphunzira pa benci tisacite manyazi kulemba mau apafupi. Koma ife tiri ndi cida cimene Mngerezi alibe, ndico cinenero caciwiri m'mutu mwathu. Langizo langa lalikulu ndi ili: ciganizo ciri conse ca Cingerezi cimene cikhudza ndalama, malo, nchito kapena ufulu wa munthu, musanacipereke, cimasulireni m'Cinyanja mokweza mau. Mukafika pa "which" kapena "who" nimuona lilime lirikukayika pakati pa "imene" ndi "umene", pakati pa "okha" ndi "onse", dziwani kuti pamenepo pali dzenje. Inu mwaliona cifukwa Cinyanja cakukakamizani. Wowerenga wanu adzagwamo. Ndipo maina awiriwo akakhala a gulu limodzi, funsani funso la mwana wamng'ono: uti? ziti? yani?

Mutalipeza dzenjelo, kulikwirira sikubvuta. Coyamba, dulani ciganizo pawiri. Mnyamata uja akanalemba kuti "The seller planted gum trees along the boundary. The buyer shall cut those gum trees only," mango akanaima mpaka lero. Caciwiri, musaope kubwereza dzina. Ku sukulu anatiuza kuti kubwereza liu ndi umphawi wa mau, ndipo pa nkhani yopeka nzoonadi. Koma pa pangano kubwereza dzina ndiko kukhoma msomali. Cacitatu, chulani cinthu ndi dzina lace ndi ciwerengero cace: mitengo ya bulugamu yakuti, ya m'malire a kumpoto, ndipo onjezerani cimene sicigulitsidwa. Cacinai, zinthu zikakhala zambiri, ziikeni pa mndandanda, ciri conse pa mzere wace ndi nambala yace, ndipo mau ofotokoza muwaike pamwamba ngati akhudza zonse, kapena pa mzere umodzi ngati akhudza cimodzi. Aphungu a ku Maine aja, mlandu wa mkaka utawaphunzitsa, anakonza lamulo lao mwa kulekanitsa nchito iri yonse ndi cizindikiro cace. Cacisanu, musasenzetse mpatuliro katundu wolemera. Ngati tanthauzo lisintha mpatuliro ukagwa, lembani "only" kapena "all" kuti liu lenileni ligwire nchitoyo.

Kwa inu amene mudzawerengera makolo anu mapepala, ndiri ndi mau enanso. Musamangomasulira tanthauzo loyamba limene lafika m'mutu, pakuti loyambalo kawirikawiri ndi limene mtima wanu ufuna. Werengani kaciwiri monga mdani wa kholo lanu akanawerengera. Mukapeza kuti pepala linena ziwiri, musalole cala cidindidwe kufikira mauwo atakonzedwa, ngakhale wogula akhale ndi ndalama m'manja ndi galimoto yolira pa mseu. Safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti m'malamulo a mapangano amene tinalandira kwa Angerezi muli mwambo wakuti mau akamveka pawiri, bwalo likhoza kuwawerenga motsutsa mbali imene inawalemba. Mwambo umenewu ukanathandiza mai uja, popeza wolemba anabwera ndi wogula. Koma kufika ku bwalo kufuna ndalama za ulendo ndi masiku otaya, ndipo ciweruzo cingakome bwanji, sicidzutsa mtengo wogwa.

Mlandu wa maiyo unathera kwa anyakwawa. Ine ndinaitanidwa kukamasulira pepala lija, ndipo ndinalimasulira pawiri monga liri, poyamba ndi "imene", kenaka ndi "umene". Anthu a pa bwalo anaseka, osati cifukwa nkhaniyo inali yoseketsa, koma podabwa kuti cinenero ca ophunzira cilephera kusiyanitsa cimene mwana wa zaka 5 asiyanitsa. Anyakwawa anafunsa mboni zimene zinalipo tsiku la malonda, ndipo zonse zinati pakamwa panachulidwa bulugamu. Wogula anauzidwa kulipira mbuzi ndi ndalama, nalipira mong'ung'udza. Maiyo waoka timitengo tina ta mango pambali pa zitsa zija, ndipo adzukulu amatithirira madzi m'cilimwe. Mwa msinkhu wace, sadziwa ngati adzalawa zipatso zace.

Mnyamata wolemba uja anabwera kwa ine pambuyo pace ali wamanyazi, nati iye sanafune kunyenga munthu. Ndinamkhulupirira. Ndinamuuza kuti ndi ocepa mwa ife akalaliki amene amakhala pa desiki ndi mtima wofuna kubera wamasiye. Ambirife timangofuna kuti ationa kuti tinaphunzira. Tsopano akalemba pangano amayamba wawerengera eni ace m'Cinyanja, mzere ndi mzere, ndipo akaona pokayikitsa amang'amba pepala nayambanso. Mapangano ace afupika, ndipo mulibenso "whereof". Inunso, anzanga, tsiku lirikudza limene wacikulire wa kwanu adzamasula nsonga ya citenje nadzakupatsani pepala, kapena adzakupemphani kuti mumlembere. Pa nthambi iri yonse imene mudzalemba kapena kuwerenga, imani ndi kufunsa pamene yamera, ndipo musapitirire musanapeze yankho limodzi lokha.